Sutikesi Yanu Sitinaitsegulebe

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno tikudzuka. Ndikanena kuti tili bwino ndikhala ndakunamizani, ndikanenanso kuti tikuvutika ndikhala ndawonjeza. Ndimadzuka, ndimasamba, ndimapita kukaphunzitsa, ndimabwerako. Anthu akandifunsa ndimati ndili bwino, iwo n'kukhutira, ine n'kupitirira ulendo wanga.

Ndiyambe ndi zabwino, poti inu simunkafuna munthu wofika pakhomo ndi madandaulo asanakhale n'komwe pansi. Esinati, mwana wa atsibweni a Gelesomu, anachira ku Nkhamenya mwezi wathawu. Ndi mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Nditapita kukamuona anandipatsa kuti ndimunyamule, amayi onse ali m'nyumbamo maso ali pa ine, kudikira kuti ndigwetse msozi. Palibe chinagwa. Ndinangoona kuti mwanayo ndi wolemera, tsitsi ndi lambiri, ndipo ndinanena zomwezo. Ndikudziwa kuti anakhumudwa nane.

Chimanga chimene munachisiya chili chachiwisi chija tinakolola. Chinachita bwino kumtunda kuja, koma kumunsi kwa chulu chiswe chinatilanda. Nkhokwe yadzaza kufika m'khosi, njala chaka chino sitiyiona. Fodya ndiye wawaliza achimwene anu. Mabelo ena anawabweza ku okushoni akuti muli zinyalala, ena anapita pa mtengo woti munthu sungauze mkazi wako uli chiimire. Analumbira kuti fodya sadzalimanso. Pano ndikulemba pano ali ku dambo, akuthirira nazale. Ndinakumbuka mmene munkawasekera kuti, "Gelesomu ndi fodya ndi banja la pa tchalitchi, amangoopsezana koma salekana."

Makuponi a feteleza afika. Tsiku logawa ndinapita kumudzi, ndinakhala pansi pa mtengo wa mango uja pamodzi ndi anthu. Woitana mayina anafika pa dzina lanu n'kuliitana mokweza, mobwerezabwereza, ngati mwangochedwa ku chitsime. Aliyense anatembenukira kwa ine. Mayi wina kumbuyo ndiye anayankha kuti munatisiya. Munthu uja anapepesa n'kupitiriza. Ine ndinakhalabe pomwepo mpaka anthu onse atabalalika, osati chifukwa cha chisoni, koma sindinkaona chifukwa choimirira.

Tsopano ndikuuzeni za sutikesi yanu yachitsulo, chifukwa ndiyo yandikhazika pansi kuti ndilembe. Ikadali m'chipinda mwanu, pansi pa zenera, yokhoma. Kiyi ali m'thumba la jekete la atsibweni.

Mukudziwa mmene timachitira kwathu. Maliro akatha, abale asanabalalike, zovala za malemu zimatulutsidwa n'kugawidwa ana onse akuona, ndipo pamenepo m'pamene nyumba imamasuka. M'mawa wa tsiku limenelo amayi aang'ono anali atayala kale mphasa pabwalo. Koma atsibweni anati ayi, Dalitso palibe. Mzime wanu sanabwere pa maliro anu, Amayi, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa. Mapepala ake ku Mangalande kuja anatha kalekale, akangotuluka sadzamulolanso kulowa, ndipo mkazi ndi mwana ali komweko. Tinamuimbira foni anthu onse akumva. Iye anati tigawe, alibe mawu. Atsibweni anapukusa mutu, akuti khutu silichitira umboni, umboni ndi maso, ndipo mwana amene sanaone mayi ake akutsitsidwa m'manda sangamanidwenso kuona nsalu zawo zikutuluka m'nyumba. Sanakalipe. Analankhula motsitsa, misozi ili m'maso, moti palibe anawatsutsa.

Ndi Dalitso yemwe anabweretsa nzeru ya intaneti. Anati pali njira yoti iye azitiona ife tikumuona pa kompyuta, ngati tili chipinda chimodzi. Atsibweni anaganiza kwa sabata yathunthu, kenaka anavomera, bola nkhope yake ioneke bwinobwino ndipo azitha kuloza ndi chala. Ine ndinati tinyamule sutikesi tipite nayo pa Boma, pamalo paja anthu amalipira kuti agwiritse ntchito makompyuta. Amayi aang'ono anandiyang'ana ngati ndatukwana. Akuti zovala za mkulu wawo si kaunjika woti akatambasulidwe pa sitolo anthu odutsa akusuzumira. Dalitso anatumiza kompyuta yam'manja kudzera mwa mnzake wobwera kumudzi, tinayesa kulumikiza ndi intaneti ya mafoni am'manja, koma zinakanika. Nkhope yake inkangouma pagalasi, kukamwa kuli yasa, mawu n'kumabwera okha pambuyo. Atsibweni anati ameneyo si Dalitso, n'chithunzi cha pa chiphaso.

Ndiye kunamveka kuti a mafoni akuika makina atsopano m'nyumba yawo ija ili kuseri kwa positi ofesi, ndipo aliyense amene ali ndi foni yamawaya atha kulandira intaneti yamphamvu m'nyumba mwake. Ndinaseka ndekha. Foni ija abambo anaikitsa akugwira ntchito ku esiteti, ija tinkakuuzani kuti muidulitse poti aliyense ali ndi yam'manja, ndi imene inasanduka chiyembekezo cha banja lonse. Munkakana, mumvekere, "Ya m'thumba ndi ya munthu mmodzi, iyi ndi ya pakhomo." Ikalira munkayamba mwakonza duku musanainyamule, ati munthu salankhula ndi alendo mutu uli pamtunda.

Makinawo anaikadi nthawi yozizira ija. Foni inafa kwa masabata angapo, kenaka inadzuka ili ndi nambala yotalikirapo, moti ija munkaitchula pamtima ija kulibenso. Amisiri awiri anabwera ndi kamakina kakuda kokhala ndi tinyali, anakaika pa kabati pambali pa foni, pa kansalu kanu koluka kaja. Anandionetsa kanyali kamodzi kofiira n'kundiuza kuti kakadzasanduka kobiriwira ndiye kuti zatheka. Anati ndi nkhani ya masiku ochepa.

Kuyambira pamenepo moyo wanga wakhala wa kanyali kameneko. Ndikalowa m'nyumba, ndisanatule n'komwe mabuku a ana, maso amayamba afika pa kabati. Kofiira. Ku ofesi ya mafoni andizolowera moti sandifunsanso dzina. Mayi wa pa kauntala ndi munthu wabwino, akuti ankakuonani ku chigwirizano. Ulendo woyamba anati kwawo kuno zonse zatha, akudikira a ku Lilongwe kuti atsegule. Ulendo wina anati akuba adula mawaya cha ku dambo. Atalumikiza mawayawo, magetsi anavuta, makina atsopano aja n'kufuna munthu wochokeranso ku Lilongwe kuti adzawadzutse. Sindinakwiye ngakhale tsiku limodzi. Ndinkathokoza n'kutuluka, mpaka mayiyo anandiuza kuti anthu onse akanakhala odekha ngati ine, ntchito yawo ikanakoma. Sanadziwe kuti si kudekha, ndi kuti m'kati muno mulibe chimene chikuyenda.

Achimwene anu amabwera Lachisanu lililonse pa njinga. Amakhala pa mpando wanu, chipewa pabondo, n'kumayang'ana kanyaliko ngati munthu wodzazonda matenda. Amandifunsa kuti wodwala wagona bwanji, ine n'kuyankha kuti sizikusintha. Amamwa tiyi, amati kuona maso a nkhono n'kudekha, n'kukwera njinga yawo. Koma masiku ano kudekhako kwayamba kuwathera. Akuti mvula ikangogwa aliyense akhala ku munda, wina kuwokera fodya, wina kubzala, ndipo abale sadzasonkhananso mpaka chaka chamawa tikakolola. Denga la chipinda chanu nalonso limadontha pakona pomwe pali sutikesipo. Amayi aang'ono nawo atumiza mawu kawiri konse kuti anthu ayamba kulankhula, ena akuti ndinatsegula kale ndipo zitenje zanu ndimavala ndikadzitsekera. Ndinamva, koma sizinandilase.

Pa maliro anu sindinalire, Amayi. Kapena munaona. Ndinali pa nkhuni, pa ufa, pa kulandira alendo, pa kufunafuna galimoto. Anthu ankati Tiyamike ndi wolimba mtima, watengera mayi ake. Ndinkaganiza kuti anthu akachoka ndilira, koma atachoka ndinangosesa pabwalo n'kuchapa mapoto. Chimene ndimachita n'chakuti ndikaweruka ndimalowa m'chipinda mwanu n'kukhala pansi, msana nditatsamira sutikesi. Pamene chivundikiro chinapindika pamatuluka kafungo ka sopo wanu ndi mankhwala a njenjete aja munkaika m'makona. Ndimakhala pamenepo mpaka nkhuku zitayamba kulowa. Sindipemphera, sindiganiza kanthu, ndimangokhala.

Tsono mverani chimene sindinauze munthu aliyense. Lachinayi lapitali nditabwera ku sukulu masana, kanyali kaja kanali kobiriwira. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali, mabuku ali m'manja. Kenaka ndinayatsa kompyuta monga anandiphunzitsira Dalitso, ndipo zonse zinatseguka msangamsanga, popanda chovuta. Dzina lake linali pomwepo, pambali pake pali kachizindikiro kosonyeza kuti ali pafupi ndi kompyuta yake. Kukanangotengera chala chimodzi. Ndinatseka kompyuta ija, ndinapita kuseri kwa kabati, n'kuzula kawaya kolowa ku khoma. Kanyali kanabwerera kufiira.

Lachisanu atsibweni anabwera monga mwa masiku onse n'kufunsa za wodwala. Ndinati sizikusintha. Ndinawathirira tiyi, ndipo anapita akudandaula za anthu a ku Lilongwe amene sanalakwe kanthu.

Ndikuopa, Amayi. Ndi chinthu choyamba chimene ndachimva bwinobwino m'thupi muno chichokereni inu. Miyezi yonseyi ndimayesa kuti ndikudikira intaneti, osadziwa kuti kufiira kwa kanyaliko ndiko kumandisunga. Sutikesi ikadali yokhoma, inu muli malo amodzi, m'nyumba muno, ndipo ndikudziwa pokupezani. Tsiku limene idzatsegulidwe mudzamwazika. Juzi yanu yabuluu idzapita kwa amayi aang'ono, nsapato za ku tchalitchi kwa Esinati, zitenje uku ndi uku. Tsiku lina ndidzakhala ndikugula tomato mu msika, n'kuona chitenje chanu chikuyenda patsogolo panga m'chiuno mwa munthu wina, ndipo ndidzayenera kumupatsa moni. Chipinda chidzatsala ndi bedi ndi khoma. Munkati walira mvula walira matope, ndipo ine mvula ndinailira pa kauntala ya mafoni anthu akuona.

Ndikanatha kukhala choncho mpaka mvula itagwa, ndipo palibe akanadziwa. Koma lero m'mawa Dalitso anaimba pa foni yanu ija. Anafunsa ngati kanyali kasanduka kobiriwira, ine ndinati ayi. Ndinkamva mwana wake akusewera chapatali. Kenaka anandiuza kuti iye safuna juzi, safuna bulangete, safuna chilichonse chamtengo. Akuti tsiku limene ankanyamuka, inu munamuperekeza pa depoti, basi itayamba kuyenda munathamangira pambali pake mukumupatsira chimanga chootcha pazenera. Ndi tsiku lomaliza limene anakuonani. Akuti nkhope yanu akuikumbuka, mawu anu akuwakumbuka, koma chitenje chimene munavala tsiku limenelo chamuthawa. Wayesa kuchikumbukira ali pa ntchito, ali m'sitima, koma mtundu wake sukubwera. Anati, "Achemwali, ndikadzachiona ndidzachidziwa. Chimenecho chokha mudzandisungire."

Ndinaika foni pansi n'kukhala pa mpando wanu. Ine ndinakusambitsani, ndinakuvekani yunifolomu yanu ya chigwirizano, ndinaponya dothi. Ndakhala ndi fungo lanu miyezi yonseyi ndekha. Dalitso alibe manda, alibe chipinda, alibe sutikesi yoti atsamire. Maliro ake onse ali m'kawaya kamene ndinazula ine.

Ndakabwezera, Amayi. Pamene ndikulemba pano kanyali kali biriwiri pa kabati, ndipo sindikukonda kukayang'ana. Mawa tikatuluka m'tchalitchi ndiwauza atsibweni kuti wodwala wawo wachira, atumize uthenga kwa abale kuti Loweruka likubwerali asonkhane. Za Lachinayi ndi Lachisanu ndidzawauza ndekha zonse zikadzatha, adzandikalipire ngati afuna. Mphasa tidzayala m'chipinda chochezera, pafupi ndi kabati, poti waya wake ndi waufupi sungafike pabwalo. Ndikhulupirira simudandaula kuti mwambo walowa m'nyumba.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale kuti chikondicho masiku ano chimangokhala duu ngati mwala m'chifuwa. Ndikulonjeza kuti Loweruka sindidzathawira ku khitchini. Ndidzagwada ndekha pa sutikesi yanu, ndipo ngakhale amayi aang'ono adzandifulumizitse, ndidzatulutsa zitenje zanu chimodzichimodzi, ndi kutambasula chilichonse patsogolo pa kompyuta, mpaka mwana wanu adzanene kuti ndi chimenecho.

Ndine mwana wanu,
Tiyamike