Madzi a Kuseri kwa Bango

Lolemba, 12 Januwale
Kolera yafika pamzere wathu. Mwana wa nyumba yachitatu anamunyamula pa wilibala dzulo. Luse wanga ali ndi chaka ndi miyezi inayi chabe. Chimbudzi chadzaza, chikulavulira pabwalo. Mpopi wouma tsiku lachinayi, ati paipi inaphulika. Atate ake a Luse, ba Chiti, akadali ku Nakonde ndi thiraki. Ine mutu, msana, vonse.

Lachitatu, 14
Ndinapita kudambo, kumene ngalande ya Kanyama yakwathu kuno imathera. Ba Hilda ndi gulu lawo losamala dambo anabzalako bango chaka chatha. Ati mizu yake imadya nyansi, dambo limamwa mvula. Zoona, nyumba za mbali ija sizinalowe madzi. Kwathu kuno dambo anakwirira ndi vigumu va makoma, anthu apeze mapuloti. Ba Hilda anauza azimayi: "Madzi amalowa akuda, amatuluka oyera." Ndinaona ndi maso anga. Kolowera kununkha, kotulukira mpaka tinsomba.

Lachisanu, 16
Mpopi zii. Ndatunga kotulukira kuja, vigubu viwiri. Pansi pa ndowa kuoneka mbee. Kwathu ku Katete timamwa a padambo, ndinakula. Makala onyowa, sanayake. Sindinawiritse. Luse anamwa, anagona bwino. Inenso ndagonako pang'ono, koyamba sabata ino.

Lolemba, 19
Ba Felistus a nyumba yoyandikana anandiona ndi chigubu. "Iwe amake Luse, aja ni oyera m'maso chabe." Ndinathamangira kwa ba Hilda, mwana kumsana. Anagwira pakamwa. Ati oyera oti atsike kumtsinje osaononga, osati akumwa. Ati chikwangwani chilipo. Chilipodi, cha Chizungu. Ine ndinalekezera giredi 5. Anandipatsa kabotolo ka klorini, maso pansi. Oyera ni oyera, ine mau ena sindiwadziwa.
Masiku atatu mwana akumwa.

Lachiwiri, 20
Akusewera ndi chivindikiro cha poto. Ndimangomuyang'ana. Akaseka, ndimugwira pamimba. Mwina tapulumuka. Mvula sikuleka. Matewera sauma, ndayanika pamipando.

Lachinayi, 22
Luse wayamba kutsegula m'mimba m'mawa. Katatu, kenaka kasanu. Ndamupatsa madzi a mchere ndi shuga, a klorini tsopano, tsopano pamene vachitika kale. Akubweza. Foni yazima, magetsi kulibe chiyambire dzulo. Ba Felistus ati adzandiperekeza kukiliniki mvula ikadula. Sikudula. Pamsewu madzi m'chiuno, maenje a vimbudzi saoneka. Minibasi sizifika.

Lachisanu, 23
Vikutuluka ngati madzi otsukira mpunga. Maso alowa. Ndikatsina khungu lapamimba limakhala choncho, silibwerera. Ndinamubereka kuti ndingopita, miyendo yakana pakhomo pomwe. Inenso vandiyamba. Ba Felistus anatuluka kukafuna wilibala, dzuwa lafika pamutu sanabwere. Ndagogoda pakhoma, kulibe woyankha.
Ndine ndinatunga. Ndine ndinagwira kapu.
Pepala ili nding'amba, ndipachika pamsomali wa chitseko, kunja.
Ba Felistus, ba Hilda, kaya ndani mukudutsa: musagogode, sindinakhome. Tili pansi kuseri kwa katani. Muyambe mwana, ine pambuyo. Lowani tsopano lino. Luse wasiya kulira.