Mzere Womaliza wa Chigafa

Lolemba, 10 Marichi

M'mawa ndadutsa pa chigafa cha aneba, ndipo fungo la fodya wongopachikidwa kumene landibwezera ku 1983, pa esiteti ya malemu bambo, konkuno ku Chulu. Ine kamwana ka Sitandade 3, nditakhala pa thumba la feteleza. Pambali panga Ezelina, mwana wa atenanti ochokera ku Mulanje, wamkulu pang'ono kwa ine, akusoka masamba osayang'ana n'komwe zingano.

Tsiku loyamba anati, "Iwe Devi, gona chagada." Ndinagona. Masamba olendewera pa mikangala aja anasanduka nkhalango, mitengo yomera kumwamba mitu ili pansi. M'menemo, anati, mukhala Chiswaswa, chilombo chopanda maso, chimene chimadzuka chikangomva tsamba louma likuthetheka. Ndipo muli mtsikana wofunafuna mlongo wake. Kenako anandipatsa zingano. Lamulo lake linali limodzi: manja akaima, nthano iima.

Inatitengera chaka chonse cha fodya, kuyambira posoka mpaka podinda mabelo. Mtsikana uja anafika pa mzere womaliza, pamene tsamba lililonse ndi louma gwa. Ndinafunsa, adutsa bwanji? Anati mawa. Mawa lakelo kunabwera lole yotenga matenanti.

Ndakumbuka zonsezi chifukwa mwana wanga Titho wayimba kuchokera ku Lilongwe. Nthano imene ndinkamuuza ali mwana, iye ndi anzake anaipanga gemu ya pafoni, Nkhalango Yozondoka, ndipo mtsikanayo anamutcha Ezelina. Gemuyo imathera pamene ine ndinathera. Tsopano akupanga gawo lachiwiri.

"Adadi, tandiuzani chabe. Adutsa bwanji?"

Ndati sindikudziwa, mwanawe.

Lachitatu, 12 Marichi

Titho wayimbanso. Akuti munthu ngati ine amene amalemba m'nyuzi sabata iliyonse za mitengo ya mango ndi njinga zakale sangalephere mathero a nthano imodzi. Sakunama. Ndayesa masana ano ana atatuluka kusukulu. Ndalemba kuti mtsikanayo adikire mame a m'mawa, masamba afewe, adutse mwakachetechete. Aliyense wogwira fodya amadziwa zimenezo.

Titho waseka. "Ndiye munthu azingoyang'ana foni kudikira mame? Batire imuthera."

Komanso ine sindinakhutire nazo. Ezelina sakanandisokesa fodya miyezi yonse ija kuti andiuze chinthu chimene ndinkachidziwa kale.

Mkazi wanga Fainala, akusita, wati: "Bambo a Titho, mwanayo ali ndi tsiku loperekera ntchito. Inu muli ndi chifundo chabe." Waloza ndi ayironi kumene kuli Mulanje, kapena kumene akuganiza kuti kuli Mulanje. "Mukamfune Ezelina wanuyo."

Ndinamufunapo. Nditapita ku Mulanje kukachonga mayeso ndinafunsa m'misika ngati wamisala. Dzina la bambo ake sindinalidziwe konse. Pa esiteti ankangoti a Mulanje.

Lachisanu, 14 Marichi

Titho ndi anzake atumiza chidutswa choyeserera cha gawo lachiwiri. Achiika poyera kuti anthu aseweretu anenepo maganizo. Netiweki ndaipeza pachulu cha kuseri kwa tchalitchi.

Zokongola, ndisabise. Geoffrey, mnzake wa Titho wojambula, anabwera kuno chaka chatha n'kukhala m'chigafa tsiku lathunthu, ndipo kuwala kwake wakupeza: kuja kolowa m'mipata ya udzu, fumbi likuvina. Masamba a m'munsi achikasu, a m'mwamba ofiirira. Mpaka mawu a chingwe chikamakoka. Ndinachita kuvula magalasi.

Koma pa mzere womaliza amupatsa Ezelina chikwanje. Akutema masamba uku ndi uku, zinyenyeswazi mbwee, Chiswaswa chikudzuka, nkhondo. Ndazimitsa.

Ndamuuza Titho kuti mwana wa tenanti sangateme fodya ngakhale m'maloto. Thukuta la banja lonse lili pamenepo. Iye wati, "Ndiye ndipatseni china." Foni wadula ndi iyeyo.

Loweruka, 15 Marichi

Mvula tsiku lonse. Titho sanayimbe.

Lamulungu, 16 Marichi

Potuluka m'tchalitchi ndaona anyamata atatu atazungulira foni imodzi pansi pa mthethe. Chikwanje chomwe chija. Wina akuti, "Tema, aise, tema!" Winayo, mwana wa atenanti a pa esiteti ya kumtunda, wangoti, "Ayi, ukuwononga," koma motsitsa, ngati wachita manyazi ndi mawu ake.

Ndayenda naye pang'ono m'maganizo mnyamata ameneyo. Ana a pa esiteti anali otero. Amabwera ndi mvula, amachoka ndi mabelo. Umazolowerana nawo, umadziwa chipsera cha pa bondo lawo, kenako tsiku lina m'nyumba yawo mwalowa ena olankhula mosiyana. Ife ana a eni minda sitinkafunsa. Tinkangoti apita kwawo.

Mwina ndimulole Titho. Gemu ndi yake. Koma mtima ukukana, ukuti nthanoyo ili ndi mwini wake, ndipo anangoti mawa.

Lachiwiri, 18 Marichi

Ndilembe bwinobwino.

Nthawi ya buleki Titho watumiza uthenga: "Adadi, mverani ichi muli pansi." Anthu oyesa gemu amatumiza maganizo awo pa nambala ya kagulu kawo. Ambiri amadandaula kuti ikudya bandulo. Koma uwu unali uthenga wa mawu. Poyamba mtsikana, akuti ndi Gladness wa ku Kaluluma, ali ndi kashopu kotchajitsa mafoni, pepani agogo andikakamiza. Kenako phokoso la foni ikulandidwa.

"Kodi amene mwapanga kanthu kanuka ndinu ana a yani? Mdzukulu wangayu akuti, agogo, mnzanu wa dzina akutema hona. Ndaona. Ine chibadwire sindinatemepo fodya ndi chikwanje. Ndipo Chiswaswa mwachipatsa maso, maso chinawatenga kuti? Ngati wakuuzani ndi Devi, mumuuze kuti ankasoka ngati nkhuku ikupalasa, ndipo kumva ankamvanso chimodzimodzi."

Ndamvera kanayi, kasanu, sindikudziwa. Mawu akalamba, ndipo alowa Chitumbuka, akukwera kumapeto ngati a kumpoto. Koma kaseko kaja ka m'mphuno n'komweko.

Kaluluma. Mulanje ayi. Kaluluma, kumene ndapitako ku maliro, ku masewera a sukulu, kukagula mbewu ya mtedza.

Ndalowa m'kalasi ya Fomu 3 n'kuwaphunzitsa za ndakatulo, koma sindikukumbuka chimene ndanena.

Lachitatu, 19 Marichi

Fainala wamvera nawo. Waseka mpaka kukhala pansi. "Nkhuku ikupalasa! Mayi ameneyu ndamukonda kale."

Ndalankhula ndi Gladness. Akuti lole ija sinapite kummwera. Inawatsitsa pa esiteti ina, kenako ina, kenako ina. Kwawo kunalibe munda wobwererako, n'chifukwa chake anabwera kuno poyamba. Agogo ake anakwatiwa komweko, amuna awo anamwalira, tsopano amalima fodya pa kamunda kawokawo ndi ana awo. Zaka zonsezi ine ndimayang'ana phiri, iwo ali pa chigwa chomwechi, pansi pa mvula yomweyi.

Ndapempha kulankhula nawo. Ndaona kuti pakamwa panga patuluka "a Ezelina". Gladness akuti agogo ali kumunda, akuthyola masamba a m'mwamba, ndipo foni saikonda.

Lachinayi, 20 Marichi

Titho wayimba m'mawa, mawu ake ofewa ngati kale ankapempha ndalama ya zitumbuwa. Akuti maso a Chiswaswa Geoffrey wachotsa kale, ndipo chikuopsa kuposa poyamba. Chikwanje sanachotse, koma wachiimika. Anzake sakukondwa: tsiku lotulutsa gemu analilengeza, ndipo kusintha mathero n'kugwetsa ntchito ya miyezi. Wina akuti bwanji ngati gogoyo anaiwala, kapena mathero akewo ndi osaseweka?

"Nanga iwe ukuti bwanji?"

"Ndawauza kuti tidikire. Adadi, dzina lawo lili pa gemu yathu. Sindingawagwiritse chikwanje atakana."

Ndinafuna kunena zambiri. Ndangoti zikomo, mwanawe. Iye wati, "Koma muwafunse msanga, ine ndilibe zaka makumi anayi."

Funso la mnzake lija landikhala. Bwanji ngati nawonso sankadziwa? Anali mwana. Mwina ankangoluka tsiku ndi tsiku kuti apeze womuthandiza kusoka. Ndaganiza, ndipo ndapeza kuti sindikuopa. Ngati sankadziwa, akhala nayo nthawi yokwanira yoganizira.

Loweruka, 22 Marichi

Alankhula. Gladness anawatengera foni kuchigafa.

Ndinayamba ndi ulemu wonse, mwadzuka bwanji mayi, kunyumba kuli bwanji. Anandidula. "Iwe Devi, wayamba liti kundilemekeza?" Tinaseka. Anafunsa za bambo ndi mayi, ndinawauza, anati pepa. Anakumbuka galu wathu. Ine ndinali nditamuiwala.

Kenako sindinapirire. Ndinati, kodi si mame? Amadikira mame?

"Mame? Ndiye mlongo wakeyo amutsitsa bwanji, ali kumizu kumwambako?" Anaseka kaja ka m'mphuno. "Ayi. Ndipo pafoni sindinena. Ubwere Loweruka likudzali, m'mamawa, ndili ndi masamba omaliza oti ndisoke. Ubwere ndi mwana wakoyo, ndimuone amene anandigwiritsa chikwanje. Wojambulayonso abwere, adzaone chigafa chenicheni."

Ndinati tibwera.

"Ndipo ubwere ndi zingano yako. Lamulo silinasinthe."

Titho akwera basi Lachisanu, agona kuno. Fainala akuti apita nawo, akufuna akaone nkhuku ikupalasa.

Madzulo ano ndapita kwa aneba kukabwereka zingano ndi masamba pang'ono. Andiyang'ana ngati ndadwala. Ndakhala pakhonde, tsamba loyamba ndaling'amba, lachiwiri ndadzibaya chala. Lachitatu lalowa.