Dzina la Amayi pa Khoma la Kum'mawa

4, mwezi wa Hatoro

Amonke atsika m'phiri. Akuti kachisi wa Isisi, mulungu wamkazi wa makolo athu, ayeretsedwe, akhale tchalitchi. Osema miyala m'tauni muno tilipo awiri, winayo chidakwa, ndiye ntchito yagwera ine. Sindinakane. Ndine wobatizidwa, komanso ana sadya chisoni.

Malume Petosiri sindinawauze. Ndi okhawo otsala odziwa kuwerenga zilembo zakale za pakhoma, zija za mbalame ndi maso. Ine zanga n'za Chigiriki basi.

6 Hatoro

Mipukutu yonse imene malume ankasunga m'kachisi aitentha pabwalo. Ya milungu, ya nyenyezi, ya mankhwala a maso, moto sunasankhe. Gumbwa wouma sachedwa kupsa. Malume chilili poteropo, manja kumbuyo. Atandiona ndi nyundo anangoti, "Mphwanga, usanayambe khoma la kum'mawa undiitane. Pali dzina la mayi ako. Ndinalilembetsa chaka chimene anamwalira." Ndinagwedeza mutu, maso ali kwa amonke.

Kwa malume, dzina likakhala pamwala mwini wake sanafe. Ine zimenezo sindikhulupirira. Mwina.

7 Hatoro

Ndayamba kugumula milungu yosemedwa pamakoma: nkhope, manja, mapazi. Abambo Makari, mkulu wa amonke, akuti chiwanda chisaone, chisagwire, chisayende. Fumbi mpaka kukhosi. Ataona kachizindikiro konga mtanda, ka mphete pamwamba, anakondwa ngati mwana. "Taonani! Ngakhale akhunguwa ankawadikira Ambuye. Aka usakakhudze, zinazo gumula."

Kunyumba mkazi wanga Tekla waphika mphodza. Ndangolawa.

9 Hatoro

Khoma la kum'mawa. Ndikanangotuma uthenga. Koma nkhalamba ya mafano ilowe muno, ine n'kumati "malume" amonke akumva? Manyazi. Ndinadziuza kuti ndilizindikira ndekha, mwana sangaphonye dzina la amake. Uchitsiru! Mbalame zonse zofanana. Ndagumula mpaka dzuwa kupendeka. Timitanda ndasiya tonse monga anandiuzira.

15 Hatoro

Malume abwera okha, amonke ali kumapemphero. Maso awo achita ng'ala, ndiye amapapasa khoma ndi zala. Anaima pa kamtanda kena, cha m'munsi. Pambali pake dzenje. Ntchito yanga, yosalala bwino.

"Aka si mtanda, mphwanga. Timawerenga kuti: akhale ndi moyo. Dzina linali apa."

Sanakalipe. Bola akanandimenya mbama. Ndinawapempha andijambulire pamchenga kuti ndilisemenso. Anaseka pang'ono. "Ulisemenso m'nyumba ya ndani?"

Mtima ukuwawa. Tekla akuti amayi ali m'manja mwa Mulungu, osati mwa mwala. Akunena zoona, koma nyundo sanagwire ndi iye.

2, mwezi wa Koyaki

Nyumba ya malume yotseka. Oyandikana nawo akuti anakwera ngalawa ya tirigu yopita kum'mwera, kumene akachisi sanatsekedwe. Osatsanzika. Andisiyira mphaka.

20 Koyaki

Tchalitchi aidalitsa lero. Nyimbo zabwino, ndaimba nawo. Potuluka anthu amapsompsona timitanda tija. Ine ndinagwada pa kaja ka m'munsi, abambo Makari n'kundiyamikira kuti ndine wopemphera.

Ndayesa kulemba dzinalo pano m'Chigiriki. Tanefere. Likuoneka ngati la munthu wina.

Khoma likungoti akhale ndi moyo. Silikunena ndani.