Tambala wa ku Zengeza 4

Lachitatu, 3 Disembala 1986

Mlandu wa Saulos uzengedwa Lachiwiri. Mwana wanga akadali m'ndende chifukwa cha ndewu ya pa siteji ya basi. Mboni zilipo zoti sanayambe ndi iye. Aliyense akuti atuluka. Mkazi wake Lena wamuchapira kale malaya.

Tabitha wa ku Mvano wabwera ndi nkhani. Woweruza wake ndi Hezekiah, mwana wa malemu Anastasia! Yemwe uja ndinkamubereka kumbuyo ku famu, amake ali m'fodya. Mamina mbwee. Lero majisitireti, nyumba ku Zengeza 4. Tabitha akuti, "Kwa wamkulu sapita chimanjamanja." Ngati kuti sindidziwa.

Loweruka, 6 Disembala

Ndinaika m'dengu tambala wathu wofiira, ndi mpunga wochokera ku Nkhotakota umene ndinasungira Khirisimasi. Lena anali kumsika, sindinamuuze. Si chiphuphu ayi, ndi moni chabe. Ndinadziuza choncho kuchokera kwathu ku Unit K mpaka pageti pa Hezekiah.

Anandizindikira. Moni wa manja awiri, Chichewa chotsimphina, tiyi wa mkaka. Kuseka za ku famu. Kenaka pakamwa pangapa: ndinatchula Saulos. Nkhope inasintha. Sankadziwa n'komwe kuti mnyamatayo ndi wanga.

"Amayi, mwandimanga manja. Lamulo silindilola kulandira ngakhale dzira."

Dengu anandinyamulira yekha mpaka pamsewu. Ulemu umenewo ndiwo unandipweteka kwambiri. M'basi tambala kulira, anthu kuseka.

Lachiwiri, 9 Disembala

Kukhoti. Saulos waonda. Hezekiah sanandiyang'ane. Anayankhula Chingerezi, womasulira n'kubwereza m'Chishona kuti aliyense amve: wachibale wa woimbidwa mlandu anafika kunyumba kwake ndi mphatso, choncho iye sangauzenge. Dzina sanatchule. Woweruza wina ali patchuthi mpaka Januwale.

Januwale! Mboni zinabwerera osatsegula pakamwa. Ine maso pansi, ndikuyang'ana zala za kumapazi. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Lachisanu, 12 Disembala

Ku Mvano sindinapite. Tabitha wandipeza ndikutola tomato woola pa tebulo. Akuti, "Mwana wa Anastasia uja sukulu inamuwononga." Ndinafunitsitsa kuvomereza. Koma walakwa chiyani? Mwini ndewu winayo akanapita ndi mbuzi, si ine ndikanayamba kukuwa mumsewu?

Saulos akuganiza kuti amene anapita ndi mphatsoyo ndi Lena. Akuti ndiye wopupuluma m'nyumba muno. Lena walumbira mpaka kulira. Ine ndikungotsuka mbale zotsuka kale.

Lachinayi, 25 Disembala

Tinapita tonse kundende. Lena anaphika, anavala diresi yake yabwino. Saulos anakana kumuona. Chakudya anabweza. Ndinalowa ndekha.

Anagwira waya wotilekanitsa, maso ofiira. Monga mwa masiku onse, ine Chichewa, iye Chishona. "Mhamha, ndimi mega vandinovimba navo." Akuti ndine ndekha amene akundikhulupirira. Akatuluka, Lena azipita kwawo.

Ndinangogwedeza mutu. Mayi wamkulu ngati ine, wa bulauzi yoyera ya Mvano.

Panja Lena atakhala padzuwa, mbale pamiyendo. Anagwada n'kufunsa, "Amayi, ati bwanji?"

Ndinati akupereka moni.

Anandithokoza.