Bolodi la Mametedwe Likupita ku Lilongwe

Lachinayi, Julaye 2006. Kwazizira tsiku lonse, mphepo ndi fumbi lokhalokha.

Masana kunabwera Mayi Tembo ochokera ku Lilongwe. Bungwe lawo silichita malonda, lili ndi nyumba yoonetseramo zithunzi za ojambula ongoyamba kumene. Ndinawayalira zithunzi za njovu ndi mikango zimene ndimajambulira madalaivala opita ku Zambia. Anangoponyapo diso, kenako n'kuloza tsidya la msewu, pa bolodi la mametedwe limene ndinajambulira a Banda ometa tsitsi.

"Nkhope zimenezo n'za ndani?" anafunsa.

Ndinati n'za akabaza a pa Kamwendo pano, poti ndinalibe magazini oonera.

"Tikufuna limenelo. Njovu zatikwana."

A Banda avomera kulipereka, bola ndiwajambulire lina, apo ayi makasitomala aziloza chiyani? Koma a Zulu, mmodzi wa akabazawo, amene mutu wawo uli pakati pa bolodilo, anatsika panjinga n'kuliyang'anitsitsa.

"Ndiye kuti mutu wanga ukafika ku Lilongwe, mwiniwakene ndisanapondeko?"

Anzawo anaseka, ine ayi. Ndikungodzifunsa kuti mayiwa aona chiyani pankhope ya a Zulu chimene ine, woijambula, sindinachione.