Mayina anayi pa gitala ya a Ken

Salford
14 Novembala 2006

Okondedwa achimwene a Dunstan,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima sunakhale m'malo kuyambira Lachinayi. Ndalembera inu chifukwa mumaimba gitala kutchalitchi, mwina mumvetsa. Amayi musawawerengere kalatayi.

Mukudziwa kuti ndimakonza m'zipinda kunyumba yosungirako okalamba. M'chipinda china muli bambo wachizungu dzina lawo a Ken. Anadwala sitiroko, dzanja lamanja siligwira. Ndi okhawo amene anaphunzira kutchula dzina langa bwinobwino. Lachinayi anapita nawo kuchipatala, ndipo amanijala anandiuza kuti chipindacho ndichikonze paliponse, ngakhale kunsi kwa bedi.

Kunsi kwa bediko ndinapeza bokosi lalitali, m'kati muli gitala yofiira yamagetsi. Achimwene, inali yakuda ndi litsiro, ndipo kutsogolo kwake wina anakhwatchakhwatcha ndi inki. Ndinaganiza kuti ndi adzukulu awo anaseweretsa. Ndinamva chisoni kuti katundu wa munthu wamkulu akhale chonchi. Ndinapukuta ndi nsalu, osachoka. Ndiye ndinakatenga sitiliwaya kukhitchini ndi sopo, n'kukwecha pang'onopang'ono monga timachitira ndi mapoto. Inki yonse inachoka, utoto wofiira nawonso unayera pamalopo. Ndinaiika pabedi kuti akabwera akondwe.

Anabwera masana ndi mwana wawo wamkazi, a Edwina, akuwakankha panjinga ya odwala. A Ken anayang'ana gitala ija nthawi yaitali. Kenako anafunsa motsitsa mawu kuti, "Anyamata aja ali kuti?"

Sindinamve chimene amatanthauza. A Edwina ndiwo anakuwa. "Ndani wachita zimenezi? Ndiwe? Mulungu wanga, ukudziwa chimene wafufutacho?"

Ndinagwada pansi. Iwo anati, "Dzuka, ukugwadiranji? Kugwadako kubweza chiyani?"

A Edwina atapita kuofesi, a Ken anandiuza kuti ndikhale pampando, ndipo anayamba kulankhula ngati akuuza khoma.

Akuti mu 1960 anali anyamata anayi ogwira ntchito kudoko la zombo kuno ku Salford. Anayambitsa bandi yotchedwa The Irwells, dzina la mtsinje wa kuno. Bandiyo inalibe woimba pakamwa. Magitala atatu ndi ng'oma basi, nyimbo zopanda mawu. Ine ndinadabwa, koma akuti masiku amenewo anthu ankazikonda koopsa. Chimbale chawo chinamveka pawailesi dziko lonse, anaoneka pakanema atavala masuti ofanana, akuponda mwendo pamodzi. Ku Manchester atsikana anang'amba jekete la a Ken, apolisi anachita kuwatulutsira kukhomo lakuseri. Bambo amene ine ndimawatolera masokosi!

Patapita zaka zitatu kunabuka mabandi a anyamata oimba pakamwa, ndipo anthu onse anathamangira kumeneko. A Alfred, oimba ng'oma, anati nawonso apeze woimba. A Ken anakana, akuti gitala imalankhula yokha. M'maholo oimbiramo anthu anayamba kuchepa. Mapeto ake ankaimba m'makalabu a anthu apantchito, anthu ali kalikiliki kumwa mowa, atawafulatira. Komaliza anaimba ku Newcastle mu 1966, kunabwera anthu khumi ndi mmodzi. Atatha, onse anayi analemba mayina awo pa gitala ija n'kusiyana. A Ken anayendetsa basi zaka makumi atatu. Ndi a Alfred sanalankhulanenso.

Achimwene, zimene ndinakwecha zija anali mayina. Awiri mwa eni ake anamwalira kalekale.

Lachisanu amanijala anati ndisabwere mpaka Lolemba, akaweruze ngati ntchito ndipitirize. Mukudziwa mmene ndinavutikira kuipeza, ndipo akandilembera kalata yoipa palibe nyumba ina ingandilandire.

Dzulo ndinalowa muofesi. Munali amanijala, a Edwina ndi a Ken. Amanijala anati lamulo likuti katundu wa munthu sitigwira osapempha, ndipo ine ndinavomera kuti ndinalakwa. Ndinakonza mawu ambiri a Chingerezi opepesera koma onse anathawa. Kenako a Edwina anatembenukira kwa bambo awo.

"Adadi, ndisakubisireni. Ndawaimbira foni a Alfred."

"Wamuimbira ndani?"

"A Alfred. Ali moyo, ali ku Newcastle. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti dzina lawo analilemba mokhota chifukwa anali atakwiya, ndiye Loweruka akwera sitima adzalembe labwino."

A Ken nkhope inafiira. "Umuuze galu ameneyo asaponde pano! Ng'oma ankathamangitsa ngati akuthawa moto." Kenako anati, "Akabwera abwere ndi cholembera chake. Changa sindimubwereka."

Amanijala anafunsa kuti nanga za mtsikanayu atani. A Ken sanandiyang'ane. Anati, "Musiyeni agwire ntchito. Koma chitsulo chokwechera chija mumulande, angadzandikweche nacho ine."

Onse anaseka, ine ndinalira. Ntchito ndiye yatsala, ndi chenjezo lolemba, ndipo andisamutsira kochapira zovala. Ndikutuluka ndinamva a Ken akuuza mwana wawo kuti, "Alfred alemba lake, ine ndiyesa ndi dzanja lamanzere. Nanga mayina a malemu Bester ndi Thomas alemba ndani?"

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti kuno kwayamba kuzizira koma jekete ndili nalo. Moni kwa alamu ndi ana onse. Ndili ndi pempho limodzi. Lamulungu likubwerali, pa nthawi yopempherera omwalira, mukapereke mayina awiri awa: Bester ndi Thomas. Abambo mfumu akafunsa kuti ndi abale a kuti, mungonena kuti ndi anthu a mlongo wanu. Muwalembe bwino papepala, ndi inki.

Ndine mlongo wanu,
Mwandida