Zokhwatcha Sitichonga

Loweruka, 10 Ogasiti

Onse apita ku holide. Hositelo yangoti zii, mpaka ndikumva mpope wa kubafa ukudontha. Ndatsalira mayeso obwereza a masamu, Lachisanu likubwerali. Oyamba aja ndinapeza 43, pofunika 50. Ndikalakwanso basi, andichotsa pa koleji.

Mnzanga wa m'chipinda muno, uja timamutcha Zitheka poti ndi mawu okhawo ali m'kamwa mwake, wanyamuka m'mawa. Iye 54. Munthu woti ndinkamuphunzitsa ndine, pa bedi lomweli! Wandisiyira kapu yake. Ali pakhomo akuti, "Iwe, zitheka." Ndinatsala pang'ono kumugenda nayo kapuyo.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Sindinayankhule ndi munthu. Ayi ndanama, ndinapepesa chitseko nditachigunda.

Lolemba, 12 Ogasiti

Amayi anaimba. "Mwanangu, anzako afika, iwe ubwera liti?" Ndati tikuthandiza aphunzitsi kantchito kena. Bodza lake lochititsa manyazi.

Buku ndatsegula, koma tsamba limodzi maola awiri. Ndiwerengerenji poti mathero ake ndikuwadziwa kale? Mutu uwu si wa masamu. Ndasungulumwa, ndipo ndikuopa.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Aphunzitsi a masamu anandiitanitsa ku ofesi, mayi aja a magalasi a chingwe, osasekerera munthu. Anatulutsa pepala langa la mayeso oyamba n'kulitambasula patebulo. Mafunso atatu ndinawalemba mpaka pansi, kenako ndinawakhwatcha ndi lula, mzere wowongoka bwinobwino kuchoka pakona kufika pakona.

"Unakhwatchiranji?"

"Ndinaona ngati ndalakwitsa, aphunzitsi."

"Awiri mwa amenewa unakhoza. Mamalikisi 19 awa. Koma zokhwatcha sitichonga, ndi lamulo."

Anavula magalasi. Akuti ena amalemba njira theka n'kutolapo awiri, atatu, koma ine ndimadzilakwitsa ndekha iwo asanagwire n'komwe cholembera. "Ntchito yanga uzindisiyira, wamva?"

43 kuphatikiza 19. Mayo ine! Ndinakalira kuseri kwa laibulale, poti kulibe munthu woti n'kundiona.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Ndamuimbira Zitheka, ndamuuza. Anaseka mpaka kutsokomola, chitsiru. Akuti iye sakhwatcha chilichonse, ngakhale zopusa amazisiya pomwepo. Ndati iwe zako n'zosavuta, sudziwa mantha. Anasiya kuseka.

"Ukuganiza sindiopa? Ndimangoti zitheka kuti dzanja lisaime."

Chaka chonse chipinda chimodzi, izi sindinkazidziwa. Foni itaduka chipinda chinakula kuposa dzulo. Tiyi ndamwera m'kapu yake.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Mapepala akale tsiku lonse. Ndakhwatcha kawiri osazindikira, dzanja linazolowera kale. Poyang'ana mayankho kumbuyo kwa buku, limodzi linali lolondola. Koma ine abale!

Lachisanu, 16 Ogasiti

Tinalipo asanu m'holo ya anthu mazana awiri, aliyense pakona pake. Funso lachinayi ndinalitsata bwino mpaka pansi, koma yankho linatuluka lonyansa, manambala mbwee pambuyo pa kadontho. Mtima unati walakwa, walakwa ngati kale. Ndinangozindikira lula ili kale papepala, cholembera chili pakona.

Oyang'anira mayeso anati, "Mphindi zisanu."

Ndinaichotsa lulayo, ndinaiika pampando, n'kuikhalira. Manja ndinapinda m'khwapa, thukuta kamukamu, mpaka anabwera kudzatenga pepala. Anandiyang'ana modabwa, kaya anaganiza chiyani.

Zotsatira akuti pakatha masabata awiri. Kaya ndakhoza kaya ayi, sindikudziwa. Amayi ndawaimbira ndili pamasitepe, ndawauza zoona zonse. Anangoti, "Bwera, mwanangu."

Ndikulongedza. Lula ija inathyoka pakati.